CIGAZA CA KU KABWE NDI BUKU LA GENESIS

Phunziro la akulu a mpingo, makolo ndi ana a sukulu

Mwezi wa August, ana a sukulu atabwera kumudzi kudzapuma, mkulu wina wa mpingo anafika pakhomo panga m'mamawa, buku liri m'manja, mdzukulu wace alikumtsata pambuyo. Mnyamatayo anali wa Giredi 12, woimba m'kwaya, wosamveka mbiri yoipa. Titapatsana moni, mkuluyo anatsegula bukulo pa tsamba limene analipinda, nati, "Abusa, taonani cimene alikuphunzitsa ana athu. Ati tinacokera kwa anyani. Ine ndamuuza kuti asankhe, buku ili kapena Baibulo, pakuti zonse ziwiri sizigona m'nyumba mwanga." Mnyamatayo anangozyolika. Nditamfunsa maganizo ace, anayankha motsitsa mau, nati, "Agogo afuna ndinene kuti aphunzitsi anama. Koma cigaza ca ku Kabwe cilipo, Abusa. Kodi ndinene kuti kulibe?"

Mlandu umenewo uli m'nyumba zambiri, ngakhale sufika kwa mbusa. Tikaumiriza mwana kuti asankhe, kawirikawiri asankha buku la sukulu, nacoka mu mpingo mwakacetecete. Kapena akhala ndi mitima iwiri, nalemba pa mayeso cimene auzidwa kunyumba kuti ndi bodza, naimba Lamulungu cimene mumtima acikayika. Njira zonse ziwiri ziononga mwana. Cifukwa cace tiyeni tikhale pansi, timve mbali zonse monga acita akulu pabwalo, osathamangira kudula mlandu.

Cimene cinapezeka m'mgodi

Pa 17 June 1921 anthu okumba mtobvu ndi zinki pa mgodi wa Broken Hill, kumene lero tichula Kabwe, anaboola phanga lodzala mafupa, napeza cigaza. Dzina lolembedwa m'mabuku ndi la kapitao wa ku Switzerland, Tom Zwigelaar. Munthu wakuda amene anali naye pa nchitoyo sanamlembe dzina. Cigazaco cinatumizidwa ku London caka comweco, ndipo cisungidwa ku Natural History Museum. Nca munthu, koma si munthu wonga ife: mphumi yace njotsetsereka, mafupa a pamwamba pa maso ngotukuka kwambiri, ndipo malo a bongo acepako poyerekeza ndi athu. Mano ace ambiri anali obvunda. Mwini wace anadziwa kuwawa kwa dzino monga tikudziwa ife. Mu 2020 akatswiri anaciyesanso, napeza kuti mwini waceyo anakhala ndi moyo zaka ngati 299,000 zapitazo.

Si cokhaco ca m'dziko lathu. Pa mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, pamene J. Desmond Clark anayamba kukumba mu 1953, patuluka nkhwangwa zamwala zosawerengeka. Mu 2023 gulu lotsogozedwa ndi Larry Barham linalengeza kuti linapeza pamenepo mitengo iwiri yopingasana, wina wosemedwa mphako kuti ugone bwino pa unzace, monga ticita ife poyala phaka la nkhokwe. Zaka zace anaziwerenga 476,000. Wosemayo anali ndi manja aluso ndi mutu wolinganiza nchito, ndipo anakhalako kale anthu a maonekedwe athu asanaoneke.

Wina adzati, "Azungu anangopeka zimenezi." Inde, cinyengo cinacitikapo. Mu 1912 ku Piltdown, ku England, munthu wina anaphatikiza cigaza ca munthu ndi nsagwada ya nyani, napusitsa ophunzira zaka 40. Ndipo Arthur Smith Woodward, amene anafotokoza cigaza cathu ca ku Kabwe, anali mmodzi wa opusitsidwawo. Koma amene anaulula cinyengoco mu 1953 ndi akatswiri anzao, pociyesa ndi mankhwala ndi kuona kuti mano anacita kupalidwa ndi tupa. Cigaza ca ku Kabwe cayesedwa zaka 100 ndipo sicinagwe. Mkristu amene acikana alikunenera mnzace umboni wonama, ndipo lamulo lacisanu ndi cinai liletsa zimenezo, ngakhale tizicite poyesa kuchinjiriza Mulungu.

Cimene ciphunzitsoco cinena, ndi cimene sicinena

Ciphunzitso ici Angelezi acicha evolution. Ife tidzati cisinthiko. Mlimi ali yense acidziwa kale mbali yace. Pokolola, mai asankha zitsononkho zazikuru za maso odzaza, nazipacika pautsi kuti zikhale mbeu. Zonyozeka apita nazo kumtondo. Akacita cotero zaka zambiri, munda usintha. Cimanga cathuci cinayamba cotero: ku Mexico, zaka ngati 9,000 zapitazo, cinali udzu wa tingala tating'ono ta maso ouma owerengeka, ndipo alimi akumeneko anasankha mbeu mibadwo ndi mibadwo kufikira cinakhala cimene tidya lero.

Charles Darwin, m'buku lace On the Origin of Species la mu 1859, anati kusankha kotere kucitikanso m'thengo popanda dzanja la mlimi. Ana a nyama imodzi safanana onse. Abadwa ambiri koposa amene cakudya cingakwanire. Amene thupi lao liyenerana ndi malowo atsala nabala, napatsira ana ao maonekedwe ao. Ndipo pakapita nthawi yaitali mtundu umodzi ugawika nukhala mitundu iwiri. Ife tinaziona ndi maso pa malungo. Kale kolorokwini anali kuciritsa. Koma mwa tizirombo ta malungo munali towerengeka tosafa ndi mankhwalawo, timeneto tinatsala ndi kuswana, kufikira mankhwala anatha mphamvu. Malawi anawasiya mu 1993, ndipo dziko lathu linatsata patapita zaka ngati 10. M'nyanja ya Malawi muli mitundu mazana ambiri ya mbuna ndi utaka, yosapezeka kwina kuli konse, ndipo magazi ao aonetsa kuti inacokera ku kholo limodzi.

Tsono mau aja akuti "tinacokera kwa anyani" sali oona monga anthu awamvera. Palibe wophunzira anena kuti nyani wakuba cimanga m'munda mwanu ndi gogo wanu, kapena kuti tsiku lina adzasanduka munthu. Cimene anena ndi ici: kuti thupi la munthu ndi la cimpanzi, nyani wamkuru wa m'nkhalango za Congo ndi Tanzania, anaphuka pa tsinde limodzi zaka mamiliyoni 6 kapena 7 zapitazo, monga mbumba ziwiri za gogo mmodzi zimene zinapatukana kalekale, yina kum'mawa, yina kumadzulo. Umboni wace uli m'mafupa, ndiponso m'malembo a cibadwa ochedwa DNA, amene ali m'thupi la camoyo ciri conse. Poyerekeza malembo athu ndi a cimpanzi, oposa 98 mwa 100 ali ofanana.

Apa mpamene sayansi ilekeza. Ifotokoza njira imene thupi linadzera. Siingathe kuyesa pa sikelo ngati pali Mwini njirayo kapena palibe. Mphunzitsi akati, "Cisinthiko caonetsa kuti kulibe Mulungu," watuluka m'phunziro lace, nayamba kulalikira cipembedzo ca iye mwini. Ndipo mwana angathe kumfunsa mwaulemu kuti umboni wa mau amenewo uli pa tsamba liti.

Kuwerenga Genesis monga analembedwera

Tsegulani Genesis 1 ndi 2, muwerenge pang'onopang'ono. M'mutu woyamba muli usana ndi usiku masiku atatu dzuwa lisanaikidwe, pakuti dzuwa lichulidwa tsiku lacinai. M'mutu womwewo zomera ndi nyama zitsogola, munthu nadza potsiriza. M'mutu waciwiri munthu aumbidwa poyamba, mitengo ya m'munda ndi nyama zichulidwa pambuyo pace. Kodi wolembayo sanaone kusiyanaku? Anakuona ndithu, ndipo sikunamsautse, cifukwa sanali kulemba buku la mayeso a sukulu. Anali kuuza Israyeli, wozingidwa ndi mitundu yopembedza dzuwa, mwezi ndi ng'ombe, kuti zonsezo nzolengedwa, kuti Mlengi ndi mmodzi, kuti cilengedwe ncabwino, ndi kuti munthu anaikidwa kukhala kapitao woyankha kwa Mwini munda.

Maganizo awa si acilendo, ndipo sanayambe cifukwa ca kuopa Darwin. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene anafa caka ca 430, analemba pa Genesis kuti masikuwo sayenera kuyesedwa masiku onga athu; nacenjeza kuti Mkristu akalankhula zopusa za nyenyezi ndi nyama pamaso pa wakunja wozidziwa bwino, namanena kuti atero Malembo, wakunjayo adzaseka Malembo, osawakhulupiriranso ngakhale pa za kuuka kwa akufa. Ciwerengero cija cakuti dziko linalengedwa zaka 4004 Kristu asanabadwe sicicokera kwa Mose ai. Anaciwerengera bishopu wa ku Ireland, James Ussher, mu 1650, ndipo osindikiza anaciika m'mphepete mwa Mabaibulo a Cingelezi kufikira anthu anaciyesa Mau a Mulungu. Oyesa miyala apeza kuti dziko liri ndi zaka ngati mamiliyoni 4,500. Salmo 90 linatiuza kale kuti Mulungu sawerenga zaka monga tiwerenga ife.

Taonaninso kuti pa Genesis 1:24 lamulo lipatsidwa kwa nthaka kuti ndiyo itulutse zamoyo. Mulungu alenga, koma alenga mwa kugwiritsa nchito cimene anacilenga kale. Tonse tibvomera zimenezi pa zinthu zina. Tipempherera mvula, ndipo ikagwa tiyamika, ngakhale mwana wa Giredi 5 adziwa kuti icokera ku nthunzi ya m'nyanja. Wolemba Salmo 139 ayamika Mulungu kuti anamuumba m'mimba mwa amace, ndipo palibe mzamba anayesapo kuti salmolo linama popeza iye adziwa za miyezi 9. Ngati Mulungu anandiumba ine mwa atate ndi amai ndi miyezi, osaleka kukhala Mlengi wanga, cimletsa nciani kuumba mtundu wa anthu mwa mibadwo yosawerengeka?

Ndipo kunyada kwathu kumene kukana cibale ndi nyama, Baibulo silikucirikiza. Genesis 2 anena kuti munthu anatengedwa kudothi, nanenanso pa ndime 19 kuti nyama ndi mbalame zinatengedwa kudothi lomwelo. Mlaliki 3 atikumbutsa kuti pa kufa munthu ndi nyama alowa njira imodzi. Ine sindiona kuti dothi liposa cimpanzi ulemu. Ulemu wa munthu sunakhale konse m'cimene anaumbidwa naco. Uli m'kuitanidwa kwace, kuti iye yekha mwa zamoyo zonse anapangidwa m'cifanizo ca Mulungu, alankhulidwa ndi Mulungu, ndipo ayenera kuyankha.

Nanga Adamu? Apa Akristu oona mtima asiyana, ndipo sindidzabisa. Akatswiri a DNA apeza kuti makolo a anthu a lero anali zikwi zingapo. Ena mwa aphunzitsi a mpingo, monga John Stott wa ku London, anati Adamu anali munthu weniweni amene Mulungu anamtenga pakati pa ena, namuika mutu wa mtundu wonse, monga mfumu ipangana pangano m'malo mwa mudzi, ndipo ikalakwa mudzi wonse ulipira. Ine nditsamira kumeneko, pakuti Genesis 4 aonetsa Kaini alikuopa anthu ena, napeza mkazi, namanga mudzi, osatiuza kumene anthuwo anacokera. Ena awerenga Adamu monga cithunzi ca munthu ali yense. Koma onse abvomerezana pa cimene Paulo acimanga pa Aroma 5: kuti mtundu wathu unapandukira Mulungu, kuti palibe wotsala kunja kwa kupandukako, ndi kuti Kristu ndiye mutu watsopano.

Kumene kuli ngozi yeniyeni

Mkulu uja sanaope mafupa. Nditamfunsitsa anati, "Abusa, mwana akakhulupirira kuti ali nyama, adzakhala monga nyama." Mau amenewa ngolemera, ndipo mbiri ya dziko iwacitira umboni. Apa tikhalitsepo.

Mu 1864 Mngelezi wina, Herbert Spencer, anafupikitsa ciphunzitso ca Darwin m'mau akuti otsala ndiwo oyenera. Anthu amphamvu anawakondwerera mauwo, nawatembenuza kuti akhale lamulo: wolemera ayenera kulemera, wosauka asathandizidwe, mtundu wa mfuti uyenera kulanda dziko la mtundu wa mikondo, pakuti citero cilengedwe. Mu 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anaikidwa m'nyumba ya anyani pa malo oonetsera nyama ku Bronx, mu New York, kuti anthu adzamuone ngati colengedwa ca pakati pa nyani ndi munthu. Amene anaimirira kutsutsa manyaziwo anali abusa akuda a mumzindamo. Anamtulutsa, koma kwao sanabwererenso, ndipo mu 1916 anadzipha. Ku Germany, m'masiku a Hitler, boma linapha opunduka ndi odwala misala zikwi makumi ambiri, liri kunena kuti liyeretsa mtundu. Darwin mwini anadana nao ukapolo, atauona ndi maso ku Brazil pa ulendo wace wa pa combo ca Beagle. Komabe m'buku lace la mu 1871 anaika mitundu ya anthu pa makwerero, Azungu pamwamba, monga anali kuganizira anthu a mbadwo wace.

Tisafulumire kuloza cala, pakuti ife a Baibulo tiri ndi mlandu wofanana. Zaka mazana ambiri ogulitsa akapolo ndi olekanitsa mitundu anawerenga Genesis 9, namati anthu akuda ndi ana a Hamu otembereredwa. Cinkana mutuwo uika temberero pa Kanani, ndipo sunena kanthu za khungu. Mtima wofuna kupondereza mnzace utola ndodo iri yonse iri pafupi, kaya ndi ya sayansi, kaya ndi ya Malembo. Ndipo taonani cimene sayansi yomweyo inapeza itakula: kuti anthu onse a lero ali mtundu umodzi, wobadwira mu Africa muno zaka ngati 300,000 zapitazo; kuti Azungu, Amwenye ndi Achaina ndi zidzukulu za kagulu kamene kanatuluka mu Africa zaka ngati 60,000 zapitazo; kuti anthu awiri ali onse afanana malembo a cibadwa 999 mwa 1,000; ndi kuti khungu liderako kapena kuyera monga mwa ukali wa dzuwa la kumene makolo anakhala. Paulo pa Areopagi, m'Macitidwe 17, analalikira kuti mitundu yonse iri ya ciyambi cimodzi. Makwerero aja anathyoka, ndipo anawathyola ndi adzukulu a Darwin m'maphunziro.

Colakwa ca Spencer ndi otsatira ace cinali kuyesa kuti cimene cicitika m'thengo ndico ciyenera kucitika m'mudzi. Tiyeni tilowe m'thengomo tione ngati muli lamulo. Mkango wamphongo ukalanda gulu, upha ana a mnzace amene unampitikitsa. Kabawi atola mwanapiye make alikuona. Koma nkhuku yomweyo iima pakati pa kabawi ndi anapiye, yosasamala moyo wace. Mimbulu ya m'cigwa ca Luangwa ikapha nyama ibwerera kuuna, nibzikulira cakudya ana ndi inzace yotsala. Ndipo pali nsadzu, mbalame ija itsogolera munthu ku njuci, imene alenje aiyesa bwenzi. Iyo siimanga cisa. Iikira dzira m'cisa ca mbalame yina, ndipo mwana wace aswa ali ndi ngowe yakuthwa kumlomo, nabaya ana a mwini cisa kufikira afe, iye asanapenye nkomwe. Zimenezi anazijambula Claire Spottiswoode ndi anzace kufupi ndi Choma, nazilengeza mu 2011. Tsono titsanzire citi, ubwenzi wa nsadzu kapena kupha kwace? Thengo silitiuza. Munthu amene ati, "Titsanzire nkhuku, tisatsanzire mkango," wabwera nao kale muyeso wace kucokera kwina.

Ngakhale Thomas Huxley, bwenzi la Darwin ndi womchinjiriza wamkuru, amene sanali wa mpingo, anabvomera ici mu 1893 pophunzitsa ku Oxford: kuti ubwino wa anthu ukula mwa kukaniza njira ya m'thengo ya kupondana.

Pali munthu wina amene tiyenera kumdziwa, pakuti anaponda dziko la kuno. Henry Drummond wa ku Scotland anali mlaliki, mnzace wa D. L. Moody pa misonkhano ya citsitsimutso, ndiponso mphunzitsi wa za cilengedwe pa sukulu ya abusa ya Free Church ku Glasgow. Mu 1883 anakwera Zambezi ndi Shire, nafika ku nyanja imene pamenepo inachedwa Nyasa, nayenda m'mapiri a kumpoto kwace alikuyang'ana ciswe ndi tizirombo. M'buku lace The Ascent of Man la mu 1894 anati ophunzira anaona nkhondo imodzi yokha, ya camoyo comenyera moyo wace, naiwala yaciwiri, ya camoyo cobvutikira moyo wa cinzace; ndipo anati yaciwiriyo iyambira pa make woyamwitsa. Anadzudzulanso Akristu amene afunafuna Mulungu m'mipata yokha imene sayansi isanafotokoze, ngati kuti Mulungu akhala m'zimene sitizidziwa. Pakuti mpata ukatsekeka, cikhulupiriro cotere cisowa pokhala. Mafupa amcitira umboni Drummond. M'phanga la Shanidar ku Iraq, mu 1957, anafukula munthu wa mtundu wakale wochedwa Neanderthal, wopuwala dzanja, wophwanyika fupa la pa diso, amene mabala ace anapola, nakhala zaka zambiri pambuyo pace. Munthu wotere sakadatha kusaka yekha, analipo omgawira.

Cotero sitidabwa akatiuza kuti cifundo ciri ndi mizu m'thupi, ndi kuti mitundu yothandizana inatsala pamene yodyana inatha. Paulo pa Aroma 2 anena kuti akunja osalandira cilamulo ali naco colembedwa m'kati mwao. Ngati Mulungu anacilemba ndi colembera ca mibadwo yambiri, cikhala colembedwa ndi Iyebe. Makolo athu asanamve Uthenga anadziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Mkristu asanene kuti wosapemphera sangacite cokoma. Tonse tidziwa ena otere amene aticititsa manyazi. Wina adzati, "Ngati cikumbu mtima cinakula pang'onopang'ono, ndiye kuti cabwino ndi coipa nzopeka." Iai. Diso nalonso linakula pang'onopang'ono, koma mtengo umene diso liuona ulipo ndithu, ndipo wouyesa wopeka adzagunda mutu.

Koma cifundo ca cibadwa ciri ndi malire, ndipo malire ace ndi pfuko. Cikonda mwana wanga, mbale wanga, ndi mnansi amene adzandibwezera mawa. Pa mlendo cizirala, pa mdani cisanduka ukali. Magazi omwewo amene atiphunzitsa kufera mbale atiphunzitsanso kusankhana mitundu pa nchito ndi pa masankho. Apa mpamene Ambuye wathu apitirira cibadwa. Pa Luka 10 asankha dala Msamariya, wa mtundu wodedwa, kuti ndiye amange mabala a Myuda amene sadzambwezera kanthu. Pa Mateyu 5 alamulira kukonda adani. Ndipo pa mtanda Wamphamvu afera ofoka, Woyenera afera osayenera. Palibe mbeu isankhidwa mwa njira yotere. Mlimi wotaya citsononkho cabwino kuti apulumutse cofumbwa tikadamuyesa wamisala. Cikondi cotere sicimera cokha m'thupi. Cidza monga lamulo ndi monga mphatso.

Tsono mau akuti "ndi cibadwa canga" sapulumutsa munthu pa mlandu. Mwamuna wacigololo ati, "Tambala sakhala ndi thadzi limodzi." Abale a malemu afika pamaliro ndi ngolo, natenga ng'ombe, njinga, malata ndi mbale zomwe, nasiya wamasiye ndi ana pa mphasa, namati mumtima, wamphamvu ndiye adya, ndipo dziko lathu linacita kuika lamulo la colowa mu 1989 kuti liwaletse. Anthu otere sanaphunzire zimenezi kwa Darwin; ambiri a iwo sanatsegulepo buku la sayansi, ndipo ena akhala pa mipando ya kutsogolo m'nyumba ya Mulungu. Zilakolako tiri nazo pamodzi ndi nyama, inde. Koma mkango wopha ana a mnzace suitanidwa pabwalo, pakuti sudziwa lamulo ndipo sungathe kucita mwina. Munthu adziwa, angathe kuleka, ndipo acita dala. Kumeneko ndiko kucimwa, ndipo nyama siingakufikire. Cotero mkulu uja analakwa pang'ono: munthu woipa sakhala monga nyama, atsika kunsi kwa nyama.

Citsalira cinthu cimodzi cowawa, ndico imfa ndi zowawa za zamoyo zosawerengeka zimene zinakhalako munthu asanacimwe. Cimene cinagwedeza Darwin, amene paunyamata anaphunzira ku Cambridge kuti akhale mbusa, cinali ca mtundu umenewu: nkhanza za m'cilengedwe, ndi imfa ya mwana wace wamkazi Annie mu 1851, ali ndi zaka 10. Pa ukalamba anadzichula wosadziwa ngati Mulungu alipo, komabe analemba m'kalata mu 1879 kuti munthu angathe kukhulupirira Mulungu ndi mtima wonse nabvomeranso cisinthiko. Anaikidwa mu 1882 m'Westminster Abbey, nyumba ya mapemphero momwe munaikidwa David Livingstone mu 1874. Pfunso lace si latsopano. Ndi la Yobu, ndi la mai ali yense woika mwana. Yobu sanapatsidwe cifukwa. Anaonetsedwa mkango, nthiwatiwa ndi mvuu, zoopsa ndi zokongola pamodzi, nauzidwa kuti zonsezo ziri ndi Mwini. Aroma 8 aonjeza kuti cilengedwe conse cibuula monga mkazi pa nthawi yace ya kubala, ndi kuti cidzamasulidwa.

Tinakhala pakhonde paja kufikira dzuwa linafika pamutu. Sindinganene kuti mkuluyo anabvomera zonse. Za zaka mamiliyoni anapukusa mutu, nati zimenezo adzazimva bwino kumwamba. Koma anabweza bukulo m'manja mwa mdzukulu wace, namuuza kuti alembe mayeso ace bwino, ndi kuti madzulo adzamwerengere Genesis 1 ndi 2 pamodzi, aone yekha ngati dzuwa lidzadi tsiku lacinai. Atanyamuka anatembenuka pa cipata, nafunsa kumene cigaza cija ciri tsopano. Ndinamuuza kuti ciri ku London, kuti ku Livingstone Museum kuli cifanizo cace cokha, ndi kuti boma lathu lakhala likupempha kuyambira zaka za m'ma 1970 kuti cibwere kwao. Anaima kanthawi atatsamira ndodo, nati, "Ngati anali munthu, Abusa, anali ndi amace. Auzeni abweze mutu wa mwini wace."